Lonjezo limene John Bunyan adakana kupereka

Pa 12 Novembala 1660, John Bunyan, mlaliki amene pambuyo pake adalemba buku la The Pilgrim's Progress, adafika pa famu ina ku Lower Samsell, m'chigawo cha Bedfordshire ku England, kumene anthu ochepa adamuitana kuti adzawalalikire. Mwini nyumba adamulandira ndi uthenga woti woweruza wa m'deralo, Francis Wingate, walemba kale chikalata chomumangira, ndipo adamulangiza kuti msonkhano ulephereke, iye athawe kudakali nthawi. Bunyan adatuluka panja nayenda yekha m'munda akusinkhasinkha. Iye mwini adafotokoza pambuyo pake kuti chimene chidamubweza m'nyumba ndi ganizo loti akathawa iyeyo, amene wakhala akulimbitsa ena mtima, anthu ofooka ndi ongotembenuka kumene adzati mawu ake onse aja adali a pakamwa chabe. Adalowa, nayamba ndi pemphero, ndipo asanafike pa ulaliki wapolisi wa m'mudzimo adatulukira. Kuyambira pamenepo adakhala m'ndende ya ku Bedford pafupifupi zaka 12, ngakhale kuti khomo la ndendeyo likadatseguka tsiku lililonse akadangonena mawu amodzi, akuti sadzasonkhanitsanso anthu n'kuwalalikira.

Ine ndikuti Bunyan adachita bwino kukana lonjezo limenelo. Koma sindikufuna kunena zimenezi mopepuka monga amachitira ambiri amene amamutamanda pa guwa, chifukwa amene adam'manga adali ndi mfundo zawo zomveka, ndipo mtengo wa kukana kwake sadaulipire yekha.

Munthuyu adabadwa mu 1628 ku Elstow, kamudzi ka pafupi ndi Bedford, ndipo ntchito adatengera kwa bambo ake, yomata mapoto obooka ndi kukhoma ziwiya za malata, akuyenda khomo ndi khomo zida zili kumsana. Sukulu adangoilawa, yokwanira kuwerenga ndi kulemba. Ali ndi zaka 16 adalowa m'gulu la asilikali a Nyumba ya Malamulo pa nkhondo yapachiweniweni yolimbana ndi Mfumu Charles I, nakhala ku Newport Pagnell kufikira 1647. Atakwatira, iye ndi mkazi wake adalibe ngakhale mbale kapena supuni, kupatula mabuku awiri achipembedzo amene mkaziyo adasiyiridwa ndi bambo ake. Chimene chidamugwira mtima kwenikweni si ulaliki wa munthu wophunzira ayi. Tsiku lina ali pa ntchito yake m'tauni ya Bedford adapeza amayi atatu kapena anayi osauka atakhala pakhomo, akuwothera dzuwa n'kumakambirana za kubadwa mwatsopano, ndipo adazindikira kuti iye, amene ankadziyesa wodziwa kulankhula za Mulungu, sakumvetsa chilichonse cha zimene amayiwo akunena. Amayi amenewo ndiwo adamufikitsa kwa m'busa wawo, John Gifford, ndi ku mpingo wodziimira paokha umene adautumikira moyo wake wonse.

Ntchito yomata mapotoyi ndikuitchula dala, chifukwa ndiyo idali pakati pa mlandu wonse. Pamene adaimirira m'bwalo la milandu mu Januwale 1661, adamuzenga ndi lamulo lakale la 1593, la m'nthawi ya Mfumukazi Elizabeth I, loletsa kujomba ku tchalitchi cha boma ndi kuchititsa misonkhano yachipembedzo yosaloledwa. Bunyan adadziteteza ndi 1 Petro 4:10, pamene pamati aliyense atumikire anzake ndi mphatso imene adalandira. Sir John Kelynge, amene ankatsogolera oweruza, adamuyankha kuti mphatso imene iye adalandira ndi yomata mapoto, choncho aitsate imeneyo. Chigamulo chidali miyezi itatu m'ndende, kenako kuthamangitsidwa m'dziko ngati sasintha, ndiponso kunyongedwa ngati atabwerera popanda chilolezo cha mfumu. Bunyan adayankha kuti atatuluka lero, mawa adzalalikiranso, Mulungu akamuthandiza. Mlandu umene adamuzenga sudali woti waphunzitsa chinyengo kapena wadyera anthu ndalama. Cholakwa chake chidali choti munthu wa manja akuda ndi mwaye, wosapita ku Oxford kapena ku Cambridge, wosasanjikidwa manja ndi bishopu, waimirira pamaso pa anthu ndi Baibulo.

Tsono tiyeni tiwamvere amene adam'manga, pakuti sadali zitsiru. Dziko lidali litangotuluka m'zaka pafupifupi 20 za chipwirikiti, mfumu idadulidwa mutu mu 1649, ndipo ena mwa amene adachita zimenezo ankapita ku misonkhano ya alaliki osadzozedwa ngati Bunyan. Charles II adali atangobwerera pa mpando mu Meyi 1660. Ndipo m'mwezi womwewo umene Bunyan ankaweruzidwa, munthu wina wopanga migolo, Thomas Venner, adatuluka m'nyumba yopemphereramo ku London ndi gulu la anthu onyamula zida, akufuula kuti mfumu ndi Yesu yekha, ndipo anthu adafa m'misewu. Wolamulira aliyense woona zimenezi akadafunsa kuti adzasiyanitsa bwanji msonkhano wa pemphero ndi msonkhano wa chiwembu, pamene yonse ikuchitikira m'nyumba za anthu ndi m'nkhokwe, zitseko zili zotseka. Mlembi wa bwalo, Paul Cobb, adapita kundende mu Epulo 1661 kukamunyengerera, ndipo adalankhula naye mwaulemu ngati mnansi. Adamukumbutsa za chipolowe cha ku London, namuuza kuti palibe amene akumuletsa kulangiza mnzake mmodzimmodzi pocheza, bola asasonkhanitse gulu. Kunena zoona, ambiri a ife tikadalandira zimenezo ndi manja awiri, n'kunena kuti Mulungu watitsegulira njira.

Yankho la Bunyan kwa Cobb ndi limene limandichititsa kuima kumbali yake. Adati ngati n'kololedwa kuchitira munthu mmodzi zabwino ndi mawu, palibe chifukwa choletsera kuchitira awiri, anayi kapena asanu ndi atatu, ndipo kuipa kwa anthu ena amene amabisala m'misonkhano sikusandutsa msonkhano uliwonse kukhala woipa, monga momwe mbala zobisala m'nkhalango sizichititsa aliyense wotuluka m'nkhalango kukhala mbala. Adadzipereka kuti azionetsa akuluakulu zolemba za maulaliki ake kuti aone okha ngati muli mawu oukira boma. Kenako adanena chinthu chimene chimamulekanitsa ndi Venner kotheratu, chakuti kumvera lamulo kuli pawiri: munthu achite zimene lamulo likufuna ngati chikumbumtima chake chikulola, ndipo pamene sichikulola, agone pansi n'kulandira chilango popanda kubwezera. Sadakane kuti mfumu ili ndi mphamvu yom'manga. Chimene adakana n'chakuti mfumu ili ndi mphamvu yomuuza kuti mphatso ya Mulungu ithere pa anthu angati. Walira mvula walira matope, ndipo iye matopewo adawaponda osadandaula kuti am'pusitsa. Boma limene silingathe kusiyanitsa munthu wotere ndi wonyamula mfuti lili ndi vuto la maso, ndipo mankhwala ake sangakhale kutsekera onse pamodzi.

Mfundo yovuta kwambiri kwa ine ndi ya kunyumba kwake. Mkazi wake woyamba adamwalira mu 1658 n'kumusiyira ana anayi, ndipo woyamba mwa iwo, Mary, adabadwa wosaona. Mu 1659 adakwatira Elizabeth, mtsikana wamng'ono, amene pa nthawi ya kumangidwa kwa mwamuna wake adali woyembekezera. Atamva nkhaniyo adadzidzimuka, matenda adamuyamba nthawi isanakwane, adavutika masiku asanu ndi atatu, ndipo mwanayo sadakhale moyo. Mayi ameneyu ndiye adatsala ndi ana anayi a mnzake, akudalira chifundo cha anthu a mumpingo ndi tindalama timene mwamuna wake ankapeza m'ndende popanga zingwe zomangira nsapato ndi zovala.

Mu Ogasiti 1661 oweruza akuluakulu adafika ku Bedford, ndipo Elizabeth, amene adali atapita kale ku London kukapempha thandizo kwa nduna za m'Nyumba ya Malamulo, adawatsatira katatu. Ulendo wina adachita kuponya kalata yake yodandaula m'ngolo imene adakwera woweruza Thomas Twisden. Ulendo wachitatu adalowa m'chipinda cha nyumba ya alendo yotchedwa Swan, mmene oweruza adakhala pamodzi ndi anthu olemera a m'chigawocho, iye akunjenjemera, nayamba kulankhula ndi woweruza Sir Matthew Hale. Adawauza kuti mwamuna wake sadafunsidwe n'komwe ngati akuvomera mlandu, koma adangotenga zokambirana zake ndi oweruza n'kuzilemba ngati kuvomera. Mmodzi wa oweruza a m'deralo ankangobwereza kuti zidalembedwa kale, zidalembedwa kale, ngati kuti inki ikauma bodza limasanduka choona. Hale adamumvera chisoni atamva za ana ndi za khanda lija, koma adati iye sangathe kumasula chimene chidalembedwa, ndipo adangomulozera njira zina zofuna ndalama ndi maloya. Pamenepo Elizabeth adanena mawu amene ndimawaona kukhala chidule cha mlandu wonse, akuti chifukwa mwamuna wake ndi womata mapoto ndiponso wosauka, n'chifukwa chake akunyozedwa ndipo sangapeze chilungamo. Adatuluka akulira.

Bunyan sadabise kuti iye ndiye adadzetsa zonsezi pa banja lake. M'buku la mbiri ya moyo wake wauzimu, Grace Abounding to the Chief of Sinners, limene lidatuluka mu 1666 iye ali m'ndende, adalemba kuti kulekana ndi mkazi wake ndi ana kunkamupweteka ngati kusenda mnofu pa mafupa, makamaka akaganiza za mwana wosaona uja, kuti adzamenyedwa, adzapemphetsa, adzagona ndi njala ndi kuzizidwa, pamene iye sankafuna kuti ngakhale mphepo imuombe. Adadzifanizira ndi munthu amene akugwetsera denga la nyumba yake pamutu pa mkazi ndi ana ake, koma n'kumati ayenera kuchita basi. Ndikawerenga pamenepa mtima umandiwawa, ndipo sindingadzudzule kholo lililonse limene lingati ilo likadasaina n'kupita kwawo. Alipo anthu abwino a m'nthawi imeneyo amene adasankha kukhala chete kuti ana awo adye, ndipo sindiwayesa amantha.

Komabe pali zinthu ziwiri zimene zimandiletsa kunena kuti adalakwira banja lake. Choyamba ndi Elizabeth mwiniwake. Twisden adamufunsa m'chipinda muja ngati mwamuna wake angasiye kulalikira, namuuza kuti ngati angasiye, amuitanitse pompo. Apa mpata udali m'manja mwa mayiyu, ndipo akadakhala kuti akungokokedwa m'nkhani ya mwamuna wake, akadalonjeza kuti akam'nyengerera. Iye adayankha kuti mwamuna wake sangayerekeze kusiya kulalikira malinga ngati akutha kulankhula. Amene amamumvera chisoni Elizabeth ngati munthu wongovutikira za eni amamulanda ulemu wake, pakuti chikhulupiriro chimene chidatsekeredwa m'ndende chija chidali chakenso. Chachiwiri n'chakuti denga lija sadaligwetse Bunyan yekha. Amene adalemba chikalata, amene adagamula, ndi amene adati zidalembedwa kale, onsewo adali ndi dzanja pa mtengo wa denga, ndipo n'kulakwa kusenzetsa womangidwa mlandu wonse wa njala ya ana ake pamene om'manga akuoneka ngati mvula kapena chilala, zinthu zopanda mwini.

Pa zaka zimene adali m'ndende zinthu zidaipiraipira kunja. Lamulo la 1662 lidachotsa m'matchalitchi abusa pafupifupi 2,000 amene adakana kuvomereza zonse za m'buku la mapemphero la Mpingo wa England, la 1664 lidaletsa misonkhano yachipembedzo ya anthu asanu kapena kuposerapo osakhala a banja limodzi, ndipo la 1665 lidaletsa abusa ochotsedwawo kuyandikira matauni ndi malo amene ankatumikira pa mtunda wa mamailosi asanu.

Amene amawerenga The Pilgrim's Progress, buku lake lotchuka limene lidasindikizidwa ndi Nathaniel Ponder mu 1678 ndipo lamasuliridwa m'zilankhulo zoposa 200, kuphatikizapo zambiri za mu Africa muno, nthawi zambiri amalitenga ngati nthano yokoma ya ulendo wopita kumwamba, yoyenera ana a Sande sukulu. Ine ndimaona ndende ya Bedford pa tsamba lililonse. Bukulo likuyamba ndi mlendo wovala nsanza, katundu wolemera ali kumsana, akuthawa mumzinda atatseka makutu ndi zala kuti asamve kuitana kwa mkazi ndi ana ake, ndipo wolemba chithunzi chimenecho ankadziwa bwino kulira kumene munthuyo akukutsekera makutu. Pa msika wa zachabechabe, mnzake wa mlendoyo akuzengedwa mlandu pamaso pa woweruza wodana ndi zabwino, mboni zake n'zogulidwa, chigamulo n'chokonzeratu, ndipo aliyense wodziwa za Kelynge amamva fungo la bwalo la mu Januwale 1661. Palinso munthu wina wochokera ku tauni ya anthu a pakamwa pokoma, amene amakonda chipembedzo chikavala nsapato zasiliva n'kumayenda dzuwa likuwala anthu akuombera m'manja, koma mphepo ikatembenuka iyenso amatembenuka. Adani ambiri a mlendoyo ndi mabwana, madona ndi eni minda, pamene abwenzi ake ndi anthu wamba. Ngakhale chimphona chimene chikutsekera alendo awiri m'chipinda chamdima kuyambira Lachitatu mpaka Loweruka, n'kumawauza kuti kuli bwino adziphe, chidawagwira pa mlandu wodutsa m'munda mwake. Munthu amene sadalawepo kutaya mtima m'chipinda chotseka sakadalemba zimenezo, ndiponso sakadadziwa kuti kiyi wotsegulira adali pachifuwa pa mkaidiyo nthawi yonseyo, dzina la kiyiyo n'kukhala Lonjezo.

Gawo lachiwiri la bukuli, la mu 1684, ndimaliwerenga ngati kubweza ngongole. Mkazi ndi ana anayi amene adasiyidwa aja akunyamuka okha kutsata njira yomweyo, ndipo ulendo uno suli wa ngwazi imodzi yothamanga. Ndi wa gulu loyenda pang'onopang'ono, lodikirana, lokhala ndi okalamba, odwaladwala, amantha ndi wina woyendera ndodo, ndipo onse akufika pa mtsinje wa imfa. Munthu amene kale adaona chikhulupiriro ngati kuthawa uli wekha adafika pochiona ngati kuperekezana, ndipo ndikukhulupirira kuti adaphunzira zimenezi poona mmene Elizabeth ndi mpingo wa Bedford adasenzera banja lake zaka zonse zija.

Wina anganene kuti mfundo yanga ikutsegulira khomo aliyense wodzuka m'mawa n'kudzitcha mneneri, ndipo nkhawa imeneyi ndi yoona, pakuti tonse tikudziwa anthu amene adyeredwa chuma ndi alaliki osayankha kwa wina aliyense. Koma Bunyan sadali wotero. Adayamba kulankhula pagulu cha m'ma 1655 chifukwa anthu a mumpingo mwake, amene ankadziwa moyo wake ndi mbiri yake ya kutukwana, adamupempha ndi kumuyesa kaye m'timisonkhano tating'ono, ndipo mpingo womwewo ndiwo udamusankha kukhala m'busa mu Januwale 1672 akadali mkaidi. Udali mpingo wodzudzula ndi kuchotsa mamembala ake olakwa, ndipo iye adali pansi pa mwambo umenewo monga wina aliyense. Adalemba mabuku pafupifupi 60, limodzi mwa iwo lidagulidwa kwambiri iye akadali moyo, koma katundu amene adasiya pomwalira adali wa mapaundi pafupifupi 42. Mlaliki amayesedwa ndi anthu amene amadya naye, amene angathe kumuuza kuti walakwa, ndiponso ndi chimene iye wataya chifukwa cha uthenga wake. Chikalata cha boma sichingaone zimenezo, ndipo mu England wa nthawi imeneyo chinkangoona kumene munthu adaphunzira ndi buku limene akupempherera.

Sindikumuyesa munthu wopanda banga. Mabuku ake oyamba, kuyambira mu 1656, adali olimbana ndi a Quaker, gulu lina la Akhristu okana mpingo wa boma, ndipo adawalembera mawu aukali opitirira muyeso, pamene iwonso ankadzaza ndende zomwezo pa chifukwa chofanana ndi chake. Chochititsa manyazi n'chakuti chikhululukiro cha mfumu cha mu 1672, chimene dzina lake lidalowamo, adachimenyera nkhondo ndi a Quaker omwewo motsogozedwa ndi George Whitehead, amene adalola kuti akaidi a mipingo ina alembedwe pamodzi ndi awo. Ufulu umene ankaufuna iye sadafulumire kuuona kuti ndi wa onse. Komabe m'zaka zotsatira adaonetsa mtima wotakasuka pa nkhani ina, pamene adatsutsana ndi atsogoleri a Baptist a ku London, monga William Kiffin, n'kulemba mu 1673 kuti kusiyana maganizo pa ubatizo wa m'madzi kusatsekereze Mkhristu ku mgonero wa Ambuye.

Enanso amafunsa chifukwa chimene adalandirira chiphaso cha boma cholalikira mu Meyi 1672, mfumu italengeza zolekerera mipingo yosagwirizana ndi wa boma, ngati iye ankakhulupirira kuti boma lilibe mawu pa nkhaniyi. Sindikuonapo kudzitsutsa. Chiphasocho sichidamufunse kuti asiye kapena asinthe kanthu, ndipo mpingo wake udagula nkhokwe ya Josias Ruffhead n'kuyamba kupempheramo poyera. Nyumba ya Malamulo itakakamiza mfumu kubweza chilolezocho mu 1673, iye adapitiriza kulalikira monga kale, ndipo adabwereranso m'ndende kwa miyezi ingapo cha m'ma 1676 ndi 1677. Pepala litabwera adalilandira, litachoka sadasinthe, kusonyeza kuti ntchito yake sidatsamire pa pepalalo.

Adamwalira pa 31 Ogasiti 1688 ku London, m'nyumba ya mnzake wogulitsa m'golosale, John Strudwick, atadwala nthenda yotentha thupi chifukwa chonyowa ndi mvula pa kavalo pochokera ku Reading, kumene adapita kukayanjanitsa bambo wina ndi mwana wake. Adaikidwa ku Bunhill Fields, manda a anthu okana mpingo wa boma, ndipo lamulo lolola mipingo ngati wake kupembedza momasuka lidabwera chaka chotsatira, mu 1689, iye osaliona. Zaka zitatu asanamwalire, mu Disembala 1685, pamene kusaka alaliki kudakulanso mu ulamuliro wa Mfumu James II ndipo ankayembekezera kumangidwa kachitatu ndi kulandidwa katundu, adalemba chikalata chopereka zonse zimene adali nazo, ziwiya, zovala, ndalama ndi ngongole zimene anthu adali nazo kwa iye, m'manja mwa mkazi wake Elizabeth. M'chikalatacho adadzitchula ndi ntchito yake yakale ya zitsulo, ndipo adachibisa m'nyumba mwake mosamala kwambiri kotero kuti chidapezeka patapita zaka zoposa 100, pamene anthu ankagumula nyumbayo.